Wotsutsana Naye pa Ndale Akagona pa Mphasa ya Matenda



Mzinda wa Johannesburg uli kutali ndi chigwa cha Henga, koma mbiri ya dziko lathu idaulumikiza ndi boma lino la Rumphi. Mu Okutobala 1993 Dr Hastings Kamuzu Banda adawatengera kumeneko kuti akachitidwe opaleshoni ya m'mutu. Mu Juni 2006 a Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju amene boma la Dr Banda lidawatsekera m'ndende kawiri, adapitanso kumzinda womwewo kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo sadabwereko ndi moyo. Womanga ndi womangidwa adadutsa njira imodzi, pakuti matenda safunsa khadi la chipani. Sabata ino tiyeni tione m'mene Amalawi takhala tikuchitira pamene munthu wotsutsana naye pa ndale wadwala mwakayakaya, chifukwa m'mbiri imeneyi muli zotichititsa manyazi, mulinso zotilimbitsa mtima.

Tiyambe ndi za manyazi. A Orton Chirwa, a ku Nkhata Bay, ndiwo adali mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress pamene chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1959, ndipo adaupereka mpandowo kwa Dr Banda atatuluka m'ndende ya Gweru mu 1960. Atasemphana maganizo pa mkangano wa nduna wa 1964, a Chirwa adathawira ku Tanzania. Pa 24 Disembala 1981 iwo ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, adagwidwa kumalire a Zambia ndi Malawi. Bwalo la milandu la mafumu lidawagamula kuti aphedwe mu 1983, ndipo chaka chotsatira chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mu Seputembala 1992, akatswiri a zamalamulo ochokera ku Britain ataloledwa kuwaona m'ndende ya Zomba, adapeza nkhalamba yofooka, yosaona bwino ndiponso yosamva bwino. Tsiku limenelo ndi pamene mwamuna ndi mkazi wake adaonana koyamba patatha zaka 8. Pa 20 Okutobala 1992 a Chirwa adamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73. Mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993.

Taganizirani, abale anga: kodi nkhalamba yodwala chotero ikadaliopsa bwanji boma lokhala ndi asilikali, apolisi ndi apayoniya? Kuwamasula kuti akatsirizikire m'manja mwa ana awo sikukadachotsa kanthu pa mphamvu za boma. Koma mtima wa ulamuliro wa nthawi imeneyo udali woti mdani ndi mdani basi, kaya ali chilili kaya ali gone. Umu ndi m'mene dziko limakhalira pamene ndale zameza umunthu: wodwala saonedwanso ngati wodwala, amaonedwa ngati mlandu umene ukuchedwa kutha.

Chaka chomwecho cha 1992 ndi chimene zinthu zidayamba kutembenuka. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, kutseka anthu pakamwa ndiponso kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Kalatayo idasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma lidakwiya kwambiri, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno. Pa 6 Epulo a Chihana, amene adali atakhalapo kale m'ndende popanda mlandu kuyambira 1971 mpaka 1977, adatsika ndege pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nayamba kuwerenga mawu oitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri. Adamangidwa pomwepo. Khoti lidawagamula kuti akakhale kundende zaka 2, chilango chimene pambuyo pake chidachepetsedwa kufika miyezi 9, ndipo adatuluka kutangotsala masiku ochepa kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike. Pa riferendamuyo anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri.

Patangotha miyezi yosakwana inayi, Dr Banda adadwala kwambiri ndipo adawathamangira nawo kuchipatala cha Garden City ku Johannesburg. Apa mpamene dziko lathu lidayesedwa. Anthu ambiri adali ndi zifukwa zenizeni zosungira mkwiyo, makamaka ife a chigawo cha kumpoto. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya dziko mu 1968. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Mabanja osawerengeka adali ndi wachibale amene adatsekeredwapo ku Mikuyu kapena ku Dzaleka. Tsopano mkango uja udali utagona pabedi kudziko la eni, osatha kulamula kanthu.

Chimene chidachitika n'choyenera kuchikumbukira. Mpando wa pulezidenti udagwiriziridwa ndi komiti ya anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Wapampando wake, a Chakuamba, adali atangotuluka kumene m'ndende momwe boma la Dr Banda lidawasungamo zaka 13. Zipani zotsutsa, AFORD ndi UDF, sizidakondwere ndi komitiyo ndipo zidanena poyera, koma nkhondo yawo zidaimenyera pa zokambirana ndi pa malamulo. Ntchito yosintha dziko siidaime chifukwa choti mtsogoleri wadwala: mu Novembala 1993 Nyumba ya Malamulo idachotsa lamulo la upulezidenti wamuyaya. Magazi adakhetsedwa ndithu mu Disembala, pamene asilikali adalanda zida apayoniya kutsatira kuphedwa kwa asilikali anzawo ku Mzuzu, koma ngakhale pamenepo asilikali sadalande boma, ndipo wodwalayo sadamukhudze. Dr Banda adabwerera pampando wawo mwezi womwewo, adaima pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, adagonja, ndipo adavomera kugonja kwawo pa wailesi.

Apa tisafulumire kuganiza kuti chifundo ndiko kuiwala zoipa. Mu Januwale 1995 boma la a Bakili Muluzi lidamanga Dr Banda pamodzi ndi a John Tembo ndi ena pa mlandu wa imfa ya anthu anayi amene adaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983: a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Mlanduwo udazengedwa poyera, mboni zidalankhula, ndipo dziko lidamva zimene kwa zaka 12 linkangonong'onezana. Komabe nkhalambayo siidaponyedwe m'chitolokosi cha ku Zomba mmene mudafera a Orton Chirwa. Idasungidwa pa ukaidi wosachoka panyumba ku Mudi mumzinda wa Blantyre, ndipo chifukwa cha kufooka kwa thupi siidakakamizidwe kukaima m'khoti. Mu Disembala 1995 khoti lidapeza kuti oimbidwa mlanduwo ngosalakwa, chigamulo chimene chidawawa mitima ya anthu ambiri. Pa 4 Januwale 1996 kudatuluka chikalata m'dzina la Dr Banda chopepesa kwa onse amene adazunzika mu ulamuliro wawo. Atamwalira ku Garden City pa 25 Novembala 1997, boma lomwe lija lidawazenga mlandu lidawaika m'manda ku Lilongwe pa 3 Disembala ndi ulemu wonse wa boma.

Yerekezani imfa ziwirizi. Pakati pake padangodutsa zaka 5, koma mwambo wa dziko udali utasintha. Amene adakana kuchitira chifundo mnzake wodwala, iye adachitiridwa chifundo. Ena anganene kuti kumeneko n'kukondera, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Koma boma latsopano likadabwezera ndi muyeso womwewo, tikadangosintha dzina la wolamula, nkhanza n'kukhala zomwe zija. Dziko lidasankha kufunsa mlandu popanda kuzunza thupi la wodwala, ndipo zinthu ziwirizi sizitsutsana. Chilungamo chimafunsa zimene munthu adachita. Chifundo chimakumbukira kuti wochitayo ndi cholengedwa cha Mulungu chimene chikumva ululu monga ife.

Tibwerere kwathu kuno. A Chihana sadakhale ngwazi ya aliyense mpaka kumapeto. Pa chisankho cha 1994 chipani chawo cha AFORD chidapeza mipando 36, kuphatikizapo yonse 33 ya chigawo cha kumpoto. Koma m'zaka zotsatira adalowa ndi kutuluka m'migwirizano yosiyanasiyana: adakhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti m'boma la a Muluzi kuyambira 1994 mpaka 1996, adaima pamodzi ndi a Chakuamba a MCP mu 1999, ndipo mu 2002 adagwirizana ndi ganizo lochotsa malire a matemu a pulezidenti, ganizo limene mipingo idalikana kwamtuwagalu ndipo lidagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi chaka chimenecho. Anthu ambiri a kumpoto adakhumudwa. Pofika chisankho cha 2004 AFORD idangopeza mipando 6. Choncho pamene a Chihana ankadwala chotupa cha mu ubongo mu 2006, otsutsana nawo sadali a kumwera kapena a pakati okha ayi. Ena adali a ku Bolero, a ku Mhuju ndi a pa boma pompano, anthu amene kale ankawaimbira nyimbo.

Adamwalira pa 12 Juni 2006 ali ndi zaka 67. Boma la Dr Bingu wa Mutharika lidawachitira maliro a boma, ndipo adaikidwa ku Mzuzu. Amene adakhumudwa ndi zochita zawo za 2002 sadafunike kusintha maganizo kuti alire nawo malirowo. Munthu atha kunena kuti a Chihana adalakwitsa pa nkhani ya matemu, n'kunenanso kuti popanda kulimba mtima kwawo pa 6 Epulo 1992 ufulu womwe tikuwadzudzulira nawowu ukadachedwa kufika. Matenda ndi imfa zimatikakamiza kuona munthu yense wathunthu, osati cholakwa chake chomaliza chokha. N'chifukwa chake makolo athu adati maliro n'kulirana.

Chitsanzo choonekeratu cha nkhaniyi chili kwa anansi athu a ku Zambia. A Levy Mwanawasa adavulala koopsa pa ngozi ya galimoto mu 1991, ndipo kuyambira pamenepo kalankhulidwe kawo kadasintha. Atakhala pulezidenti mu 2002, otsutsa, pakati pawo a Michael Sata a chipani cha Patriotic Front, ankawanyoza powatchula kuti kabichi, kutanthauza kuti mutu wawo sugwiranso ntchito. Kudali kuseka chilema cha munthu pofuna mavoti. Mu Epulo 2008 zinthu zidatembenuka: a Sata adadwala mtima mwadzidzidzi. A Mwanawasa, munthu wonyozedwa uja, adalamula kuti boma liwatengere msangamsanga kuchipatala ku South Africa. A Sata adachira, ndipo atabwerako adapita kunyumba ya boma ku Lusaka mu Meyi kukathokoza, awiriwo nayanjana pamaso pa atolankhani. Pa 29 Juni chaka chomwecho a Mwanawasa adachita sitiroko ku Egypt komwe adapita kumsonkhano wa African Union, ndipo adamwalira ku Paris pa 19 Ogasiti. Mpata woyanjana udali wa miyezi iwiri yokha. Akadazengereza, wina akadapita kumanda ndi chitonzo, winayo n'kutsala ndi chisoni chosatha.

Komabe mabala a mawu sachira msanga. Pamene thupi la a Mwanawasa linkaonedwa ku Chipata, mayi wamasiye adawakana a Sata pagulu. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti pamene tikunyoza wodwala sitilasa iye yekha. Pali mkazi amene amamusambitsa, pali ana amene amamva zonse zikunenedwa. Wandale atha kukhululuka chifukwa adazolowera kutukwanidwa, koma a pabanja pake amasunga mawuwo mumtima zaka zambiri.

Ifenso Amalawi tidayesedwanso mu 2012. Miyezi yomaliza ya ulamuliro wa Dr Bingu wa Mutharika idali yowawa: mafuta a galimoto ankasowa, ndalama zakunja kudalibe, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu Ogasiti chaka chimenecho Ambuye Joseph Mukasa Zuza, episkopi wa Mzuzu, adalalikira mosaopa pa mapemphero a dziko lonse ku Blantyre, pulezidenti ali pomwepo, kuchenjeza za kuopsa kwa munthu wodziyesa wodziwa zonse. Pa 5 Epulo 2012, Lachinayi Loyera, Dr Mutharika adagwa ndi matenda a mtima ku Lilongwe. Kwa masiku awiri boma silidanene zoona zenizeni, ndipo mphekesera zitafala, anthu ena adasangalala poyera. Mayi Joyce Banda, amene adali atachotsedwa m'chipani cholamula mu Disembala 2010, adalumbira pa 7 Epulo. M'mawu awo oyamba adapempha mtendere ndi umodzi, nakana mtima wobwezera, ndipo malemuwo adaikidwa mwaulemu ku Ndata m'boma la Thyolo pa 23 Epulo.

Sitingawaweruze mopepuka amene adasangalala tsiku lija, makamaka amene adaika ana awo m'manda ku Zolozolo. Ululu wawo udali weniweni. Koma taonani kusiyana kwa njira ziwirizi. Ambuye Zuza adadzudzula munthu wamoyo, wamphamvu, maso ndi maso, podziwa kuti zikhoza kuwaipira. Kuvina chifukwa choti mtima wa munthu waima sikufuna kulimba mtima kulikonse, ndipo sikudzutsa ngakhale mmodzi mwa ophedwa aja. Nthawi yonena zoona kwa wolamula ndi pamene ali chilili. Akagwa ndi matenda, zoonazo sizisintha, koma pakamwa pathu payenera kusintha.

Malembo Oyera adaidziwa kale nkhaniyi. Mfumu Saulo idasakasaka Davide kuti imuphe, koma Davide atamva za imfa yake adang'amba zovala, nasala zakudya, ndipo sadamuyamikire munthu amene adabwera ndi uthengawo poyembekezera mphotho. Mu Salmo 35 wolemba akusimba kuti pamene anthu omuukira adadwala, iye adavala chiguduli, nasala kudya, nawapempherera ngati abale ake. Buku la Miyambo, mutu 24, likutichenjeza kuti tisakondwere mdani wathu akagwa. Ndipo pa Mateyo 25, pamene Ambuye Yesu akutchula odwala ndi am'ndende amene tiyenera kuwayendera, sadaikepo mawu oti okhawo a mbali yathu. Papa John Paul II, amene adayendera dziko lino mu Meyi 1989, adapita yekha kundende mu Disembala 1983 kukacheza ndi Mehmet Ali Agca, munthu amene adamuwombera mu 1981. Papa yemweyo ndiye adakhazikitsa tsiku la 11 Febuluwale kuti likhale lokumbukira odwala pa dziko lonse, ndipo iye mwini adasenza matenda ake pamaso pa anthu mpaka imfa yake mu 2005.

Nanga ife lero? M'masiku a Kamuzu mphekesera za matenda a mtsogoleri zinkayenda chamseri, munthu akuyang'ana uku ndi uku. Masiku ano zimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ambiri ozifalitsa ndife achinyamata. Wandale akangosowa pagulu sabata imodzi, ena amulengeza kale kuti wamwalira. Akaoneka wowonda kapena akapunthwa polankhula, chithunzi chake chimasanduka choseketsa. Ndi bwino tisiyanitse zinthu ziwiri. Nzika ili ndi ufulu wofunsa ngati mtsogoleri akadali ndi mphamvu zogwirira ntchito, ndipo boma liyenera kuyankha zoona. Zimene zidachitika mu Epulo 2012 zidationetsa kuipa kobisa. Koma kufunsa funso limeneli n'kosiyana ndi kufunira munthu imfa, kapena kuseka kunjenjemera kwa manja ake. Choyambacho ndi udindo wa nzika. Chachiwiricho ndi nkhanza, ngakhale tichiveke malaya a nthabwala.

Ndiponso tisaganize kuti nkhaniyi ikukhudza apulezidenti okha amene amakwera ndege kupita ku Johannesburg. Ambiri mwa otsutsana nawo athu sadzafikako kumeneko. Ndi khansala amene sitidamuvotere, ndi wapampando wa chipani china m'mudzi mwathu, ndi mayi woyandikana naye nyumba amene tidasiya kulankhulana chifukwa cha nsalu imene adavala nthawi ya kampeni. Anthu amenewa akadwala amagonekedwa pachipatala cha boma pa Rumphi kapena ku Livingstonia, ndipo amafuna phala, sopo, ndalama ya thiransipoti ndi munthu wowapempherera. Mphakati ukamakonza zoyendera odwala, kodi mayina awo amalembedwa nawo? Pa Misa tikamapereka mapemphero a Akhristu, kodi lilime lathu limatha kutchula mtsogoleri wodwala wa chipani chimene timadana nacho? Apa ndi pamene chikhristu chathu chimaonekera, chifukwa kuyendera bwenzi lodwala aliyense amatha.

Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. A Mwanawasa adazima ndevu za munthu amene ankawanyoza, ndipo patangotha miyezi iwiri moto udali pa iwo. Dr Banda sadazime za a Orton Chirwa, komabe adapeza owazimira. A Chihana adamenyera ufulu woti tizitsutsana popanda kuphana, ndipo ufulu umenewo tiulemekeza tikamatsutsana popanda kufunirana imfa. Sabata ino aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi amene amasiyana naye pa ndale ndipo akudwala kapena akudwazika matenda. Amutchule dzina m'pemphero la madzulo. Ngati ali pafupi, apite akamuone, osatenga nkhani za chipani, angotenga moni ndi kangachepe m'manja. Maganizo anu pa ndale mubwerera nawo monga mudapitira nawo, palibe akulandani. Chimene chisinthe ndi chakuti pakhomo paja adzadziwa kuti mkangano wanu udali wa mavoti, sudali wa moyo.

Ambuye akhale nanu nonse, ndipo apereke mphamvu kwa odwala onse ndi kwa amene akuwasamalira.